Chipinda cha Alendo Okhaokha: Amalawi m'Makomboni a Migodi ya ku South Africa, 1903–1988

Mawu oyamba

Mumzinda wa Blantyre muli malo okwerera mabasi otchedwa Wenela. Dzinali lidazolowereka kwambiri kotero kuti n'kosavuta kuiwala gwero lake. Lidachokera ku zilembo zinayi, WNLA, zoimira Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene eni migodi ya golide ku South Africa adakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti liziwapezera antchito. Kudzera m'bungweli, komanso m'bungwe la TEBA limene lidalowa m'malo mwake mu 1977 ndipo Amalawi ankalitcha Theba, amuna zikwizikwi adachoka m'midzi ya ku Malawi kupita ku Joni kukakumba miyala ya golide.

Akadaulo a mbiri yakale alemba zambiri za ulendo umenewu poyang'ana mapangano a maboma, malipiro ndi ziwerengero za anthu. Nkhani ino ikuyang'ana malo aang'ono kwambiri pa mbiri yonseyo, omwe ndi chipinda chogona. M'chipinda chimenecho mwamuna wa ku Dowa, ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje ankakhala chaka ndi theka kapena zaka ziwiri pamodzi ndi amuna ena ambiri amene sadawasankhe ndipo sadawaonepo chibadwire. Eni migodi adamanga chipindacho kuti achepetse ndalama zosamalira antchito ndi kuwagwira m'dzanja. Ogonamo adachipatsa malamulo, mfumu ndi chibale, mpaka chidayamba kufanana ndi mudzi. Zinthu ziwirizi zidachitika pamodzi, ndipo wofuna kumvetsa mbiri ya Wenela ayenera kuzigwira zonse ziwiri, osataya chimodzi.

Chiyambi cha komboni

Komboni idabadwira ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley. Kuyambira mu 1885 makampani a kumeneko adayamba kutsekera antchito akuda mumpanda kwa nthawi yonse ya mgwirizano wawo wa ntchito. Cholinga chidali kuletsa kuba dayamondi, kuthawa ntchito ndi kuledzera. Munthu akalowa sankatulukanso mpaka tsiku lomaliza, ndipo asanatuluke ankamusecha thupi lonse.

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, eni migodi yatsopanoyo adatengera njira yomweyo, ngakhale kuti makomboni awo sadali otsekedwa kotheratu. Munthu ankatha kutuluka Lamlungu atapatsidwa chilolezo. Koma kamangidwe kadali kofanana: zipinda zondandalikana kuzungulira bwalo lalikulu, zitseko zonse zoyang'ana m'kati, ndi chipata chimodzi chokhala ndi alonda. Komboni imodzi inkasunga amuna zikwi zingapo.

Chifukwa chake chidali m'miyala momwemo. Golide wa ku Witwatersrand ali pansi kwambiri, ndipo kuti apezeke wochepa chabe pamafunika kuphwanya miyala yochuluka zedi. Kwa zaka zambiri mtengo wa golide padziko lonse udali wokhazikika, choncho eni migodi sakadatha kukweza mtengo kuti apeze phindu lochuluka. Njira imene adasankha idali kupondereza malipiro. Wantchito wogona m'komboni ankalipidwa ngati mbeta, chifukwa ankati mkazi ndi ana ake akudzilimira kumudzi. Akadwala kapena kukalamba ankabwezedwa kumudzi komweko. Katswiri wa zachuma Francis Wilson, m'buku lake la mu 1972 lonena za antchito a m'migodi ya golide, adaonetsa kuti mphamvu yogulira zinthu ya malipiro a anthu akuda sidakwere pakati pa 1911 ndi 1969.

Boma nalo lidaikapo dzanja. M'zaka za m'ma 1950, pamene migodi yatsopano inkatsegulidwa ku Orange Free State, kampani ya Anglo American idafuna kumangira gawo lina la antchito akuda nyumba za mabanja. Hendrik Verwoerd, yemwe panthawiyo adali nduna yoona za anthu akuda, adakana. Lamulo lidati antchito ololedwa kukhala ndi mabanja awo pamgodi asapose atatu mwa 100 alionse, ndipo alendo ochokera m'mayiko ena sadali m'gulu limeneli. Kwa Mmalawi wamba wolowa pansi, komboni idali nyumba yokhayo.

Njira ya ku Joni

Chimene chidatulutsa amuna m'midzi ya ku Nyasaland chidali msonkho wa nyumba, umene atsamunda adayambitsa m'zaka za m'ma 1890, pamodzi ndi kuchepa kwa malipiro m'minda ya azungu ndi thangata. Mu 1903 boma la atsamunda lidalola Wenela kulemba anthu m'dzikomo mongoyesa. Ambiri mwa anthu oyambawo adamwalira ndi chibayo. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kummwera kwa ikweta, anthu amene m'mabuku a migodi ankalembedwa kuti Tropicals.

Chiletsocho sichidaimitse ulendo. Amuna adapitiriza kuyenda paokha, njira imene ankaitcha selufu, kuwoloka Zambezi wapansi, kugwira ntchito pang'ono m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, kenako n'kuzemba kuwoloka Limpopo. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idayerekeza kuti anthu a m'dzikomo pafupifupi 120,000 adali kunja, ndipo idadandaula za kuchuluka kwa matchona, anthu amene adapita osabwereranso. M'zaka za m'ma 1930 chiletso chija chidachotsedwa ndipo Wenela idabwerera. Pofika zaka za m'ma 1950 idali ndi ndege zakezake zonyamula anthu kuchokera ku Nyasaland kukawatula ku Francistown, m'dziko limene tsopano ndi Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg.

Kugona ndi alendo kunkayambira panjira pomwe, m'misasa ya Wenela. Kumapeto kwa njirayo kudali malo aakulu olandirira anthu ku Johannesburg, amene antchito ankawatcha Mzilikazi. Kumeneko amuna ankawavula zovala pagulu kuti dokotala awaone, ankadinda zala, ndipo ankawagawa kumigodi yosiyanasiyana. Wojambula zithunzi Ernest Cole adalowetsa kamera mobisa m'malo oterewa. Buku lake, House of Bondage, limene lidatuluka mu 1967 ndipo lidaletsedwa ku South Africa, lili ndi chithunzi cha amuna ali maliseche, atandandalika kuyang'ana khoma, manja ali m'mwamba. Munthu ankafika pamgodi ali ndi nambala, ndipo nambalayo ndiyo inkadziwika kuofesi kuposa dzina lake.

M'kati mwa chipinda

M'makomboni akale chipinda chimodzi chinkagona amuna 20, 40, mwinanso kuposerapo. M'makomboni amene adamangidwa pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chiwerengerocho chidatsikako, koma munthu ankagonabe ndi anzake oposa khumi. Pogona padali pa konkire. Mabedi adawaumba ndi simenti motsatira khoma, ena pansi ena pamwamba, ngati mashelefu a m'sitolo, ndipo pakati pa munthu ndi mnzake padali kakhoma kakafupi. Munthu ankalowa mokwawa m'kamphako kake. Ofuna kufewetsa pogona ankayala masaka kapena makatoni, ndipo ena ankatchinga kansalu kukhomo kwa kamphakoko kuti apezeko malo obisika.

Pakati pa chipinda padali mbaula ya malasha. Pamenepo ankaotha, kuumitsa zovala zonyowa za kumgodi ndi kuphika nyama imene ankalandira. Katundu yense wa munthu adali m'bokosi kapena m'sutikesi, ndipo zotsala, monga majombo, zipewa zolimba ndi njinga, zinkapachikidwa kudenga. Fungo la utsi, thukuta ndi zovala zosauma silinkatha. Chifukwa choti mgodi unkagwira ntchito usana ndi usiku, chipinda sichinkagona chonse nthawi imodzi. Ena ankadzutsidwa m'bandakucha kukadali mdima kuti akaime pamzere wolowera pansi, ena n'kuti akungofika kumene. Zimbudzi ndi mabafa zidali za gulu, zambiri zopanda zitseko. Chakudya, chomwe chidali nsima yolimba ya chimanga, nyemba, ndiwo zosakaniza ndi maheu, ankachilandira pamzere kukhitchini yaikulu.

Kuti kulemera kwa moyo umenewu kumveke bwino, nkofunika kukumbukira kumene anthuwa ankachokera. M'midzi yambiri ya ku Malawi kugona pagulu kudalipo, koma kudali kwa anyamata osakwatira, m'mphala kapena m'gowelo. Chizindikiro chimodzi chachikulu choti mnyamata wakula chidali kutuluka m'mphala n'kukhala ndi nyumba yakeyake, yokhala ndi chitseko chimene wina aliyense sangalowe popanda odi. Komboni idatenga amuna okwatira, abambo a ana, ena a iwo ankhoswe ndi eni mbumba, n'kuwabwezera m'mphala. Mwamuna wa imvi ankasamba ndi kudzithandiza pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, chinthu chimene kumudzi chikadakhala malaulo. Chiyankhulo cha pamgodi chidatsimikizira kunyozekaku, pakuti mzungu ankatcha wantchito wakuda aliyense mnyamata, kaya akhale wa zaka zingati.

Mfumu ya m'chipinda

Ulamuliro wa komboni udali ndi masitepe. Pamwamba padali manijala wachizungu. Pansi pake padali nduna, anthu akuda osankhidwa ndi kampani kuti aziyang'anira mtundu uliwonse, ndipo pansi pa ndunazo padali apolisi a komboni onyamula zibonga. Onsewa ankalipidwa ndi kampani ndipo ankayankha kwa iyo.

Koma m'chipinda mudali udindo wina umene kampani sidasankhe mwini wake. Ogona m'chipinda chilichonse ankadzisankhira mkulu wawo, wotchedwa isibonda. T. Dunbar Moodie, amene adalemba buku la Going for Gold mu 1994 mothandizana ndi Vivienne Ndatshe pogwiritsa ntchito zokamba za anthu amene adagwirapo ntchito m'migodi, akufotokoza kuti isibonda sankalandira malipiro pa udindowo, ndipo mphamvu zake zinkachokera kwa anzake amene adamusankha. Ankagawa ntchito za m'chipinda, monga kusesa, kukatenga malasha ndi kukoleza mbaula. Mlendo akafika, ndiye ankamuonetsa pogona ndi kumuuza malamulo. Pakabuka mkangano kapena wina akasowetsa ndalama, chipinda chonse chinkakhala pansi, aliyense n'kuyankhulapo, ndipo isibonda ankamanga mfundo monga imachitira nyakwawa pabwalo. Mlandu unkapita kwa nduna pokhapokha ukalephereka m'chipinda.

Malamulowo adali a zinthu zazing'ono, koma pa zazing'onozo ndi pamene padagona mtendere. Osakhudza bokosi la mnzako. Osasokosa pamene ochokera kuntchito ya usiku akugona. Woledzera agone, nkhani yake ikambidwe mawa. Munthu amene sangathe kutseka chitseko amatetezedwa ndi chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi mgwirizano wa amene akugona nawo. N'chifukwa chake kuba m'chipinda udali mlandu waukulu kwambiri. Wakuba ankaononga chikhulupiriro chimene chinkachititsa kuti amuna ambiri chotere asiye chuma chawo chonse pamtetete n'kukakhala pansi pa nthaka tsiku lathunthu.

Pamwamba pa malamulowo padamera chibale. Anthu ankasungitsana ndalama, kubwerekana, ndi kuchita chipereganyu kuti mmodzi athe kugula njinga kapena makina osokera. Amene adapitako kusukulu za mishoni ankalembera anzawo makalata ndi kuwawerengera mayankho, motero ankadziwa zinsinsi za mabanja a anthu amene miyezi ingapo yapitayo adali alendo kwa iwo. Wobwerera kumudzi ankasenza makalata, ndalama ndi mabulangete a ena. Munthu akamwalira ankaikidwa kumanda a pamgodi, kutali ndi makolo ake, ndipo anzake a m'chipinda ndi a kwawo ndiwo ankasonkha ndalama, kusonkhanitsa katundu wake ndi kutumiza uthenga. Mwambi woti mnzako akapsa ndevu m'zimire udali ndi tanthauzo lenileni kwa anthu amene tsiku lililonse ankalowa m'malo momwe thanthwe likhoza kugwa.

Si zonse za m'chipinda zimene zinkakambidwa kumudzi. Moodie komanso Patrick Harries, amene adafufuza za antchito ochokera ku Mozambique, adalemba za maubwenzi amene ankatchedwa maukwati a m'migodi, pamene mwamuna wamkulu ankatenga mnyamata wongofika kumene kuti azimuphikira, kumuchapira ndi kugona naye, iye n'kumamupatsa ndalama ndi chitetezo. Boma la Transvaal lidachititsa kafukufuku wa nkhaniyi mu 1907. Maubwenziwa adali ndi malamulo awo odziwika, ndipo akuonetsa kuti m'chipinda mudalinso kusiyana mphamvu pakati pa akulu ndi ana, pakati pa akale ndi atsopano. Mudzi wa m'chipinda, monga mudzi wina uliwonse, udali ndi chifundo chake ndi kupondereza kwake.

Anyasa: dzina limene lidakulira kuchilendo

Eni migodi ankagawa zipinda potsata mitundu. Abasotho ankagona paokha, Amaxhosa paokha, Amashangani paokha. Ankanenanso kuti mtundu uliwonse uli ndi ntchito imene umaitha mwachibadwa, monga kuti Abasotho ndiwo akatswiri okumba zitsime zolowera pansi. Lamlungu mitunduyi inkapikisana pa magule m'mabwalo a pamgodi, azungu n'kumaonerera, ndipo Hugh Tracey adatulutsa buku la magule amenewa mu 1952. Pansi pa nthaka mitundu yonse inkasakanizidwa ndipo inkalamulidwa m'Chifanakalo, chiyankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri adachokera ku Chizulu, chokhala ndi mawu ochuluka olamulira ntchito koma osowa ochezera.

Kugawa kumeneku kudabala chinthu chimene ogawawo sadachiganizire. Kwa kalaliki wa pamgodi, anthu onse ochokera ku Nyasaland adali mtundu umodzi, Anyasa. Koma kwawo sadali amodzi. Mtonga wa m'mphepete mwa nyanja ndi Mlomwe wa m'munsi mwa phiri la Mulanje akadatha kukalamba osakumanapo. Mchewa ndi Mngoni adali ndi nkhani za nkhondo zimene agogo awo adamenyana. Myao wachisilamu ndi Mtumbuka wa mpingo wa Livingstonia ankasiyana pa chakudya, pa mapemphero ndi pa miyambo ya chinamwali. Komboni idawaika m'chipinda chimodzi, kuzungulira mbaula imodzi, pakati pa anthu zikwizikwi amene ankawaona onse ngati alendo ochokera kutali. Pamenepo mawu akuti wakwathu adatambasuka. Kumudzi ankatanthauza munthu wa mudzi umodzi kapena wa mfumu imodzi. Ku Joni adayamba kutanthauza aliyense wochokera m'dziko la nyanja.

Mbiri ya ndale za m'chigawo chino ili ndi mapazi a anthu oterewa. Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, adagwirapo ntchito ya ukalaliki m'migodi ya ku Southern Rhodesia asanakakhazikitse bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Pa sitalaka ya pamgodi wa Shamva ku Southern Rhodesia mu 1927, anthu a ku Nyasaland ndiwo adali patsogolo. Hastings Kamuzu Banda adagwira ntchito ya ukalaliki pamgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. M'makomboni a migodi ndi mafamu a ku Zimbabwe, alendo a ku Malawi, kummawa kwa Zambia ndi ku Tete adakhazikitsa madambwe a gule wamkulu ndi mabungwe othandizana pa maliro, ndipo zidzukulu zawo zikuvinabe guleyo.

Komabe mpanda umene udalumikiza anthu ndi womwewo umene unkawatsekera. Pa sitalaka ya mu 1920, komanso pa ya mu Ogasiti 1946 imene idatsogozedwa ndi J.B. Marks ndipo antchito pafupifupi 70,000 adanyanyala ntchito, apolisi adazinga makomboni, kulekanitsa umodzi ndi unzake, ndi kukakamiza anthu kulowa pansi ndi zibonga ndi mfuti. Mu 1946 anthu osachepera asanu ndi anayi adaphedwa ndipo oposa 1,200 adavulala. Kugona motsata mitundu kunkachititsanso kuti mkangano wa anthu awiri usanduke nkhondo ya zipinda, ndipo m'zaka za m'ma 1970 nkhondo zotere zidapha anthu ambiri m'migodi. Mmalawi adali pa malo ovuta kwambiri. Kwawo kudali kutali, gawo lalikulu la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire ku Malawi, ndipo akachotsedwa ntchito adalibe kothawira. Patapita nthawi, bungwe la National Union of Mineworkers, limene lidakhazikitsidwa mu 1982 motsogozedwa ndi Cyril Ramaphosa, lidatembenuza chida cha eni migodi: amuna zikwi zingapo ogona malo amodzi adali osavuta kuwasonkhanitsa, ndipo mahositelo adasanduka malikulu a sitalaka yaikulu ya mu 1987.

Mpweya umodzi

Chinthu chimene ogona m'chipinda ankagawana mosafuna chidali mpweya. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900 imfa pakati pa antchito ochokera kumpoto zidafika, m'zaka zina, poposa munthu mmodzi mwa khumi alionse pa chaka, ndipo chibayo ndicho chinkapha kwambiri. Anthu ankatuluka m'mgodi motentha ali thukuta lokhalokha, n'kukumana ndi chisanu cha ku Witwatersrand, kenako n'kukagona mothithikana m'chipinda chotsekedwa mazenera. Mmodzi akatsokomola, onse ankapuma zomwezo.

Eni migodi adaitana akatswiri. Mu 1911 kudabwera Almroth Wright wa ku Britain kudzayesa katemera wa chibayo. Mu 1913 kudabwera William Gorgas wa ku America, amene adatchuka pochepetsa matenda pakati pa okumba ngalande ya Panama. Lipoti lake la mu 1914 lidaloza chala pa kuthithikana m'zipinda, ndipo lidalangiza kuti antchito apatsidwe malo okwanira ndi kuti, ngati n'kotheka, azikhala ndi mabanja awo. Langizo limeneli likadagwetsa maziko a dongosolo lonse la malipiro otsika. Eni migodi adakonda njira ya katemera, imene Spencer Lister adapitiriza kufufuza, pamodzi ndi kukonza zipatala ndi chakudya. Imfa zidatsikadi m'zaka zotsatira, koma chipinda chodzaza chidatsala.

Chimene chidatsalanso ndi chifuwa chachikulu. Fumbi la miyala yobooledwa limalowa m'mapapo n'kuyambitsa matenda otchedwa silicosis, ndipo mapapo oonongeka motero sachedwa kugwidwa ndi chifuwa chachikulu. Chipinda chinkamaliza ntchito imene fumbi lidayamba, pofalitsa kachilomboko kuchokera pa bedi lina kupita pa lina. Randall Packard, m'buku lake la White Plague, Black Labor la mu 1989, adaonetsa kuti chizolowezi cha migodi chobweza odwala kwawo chidafesa matendawa m'midzi yakutali. Motero mudzi umene udalandira njinga, wailesi ndi malata udalandiranso chifuwa cha m'komboni. Mkazi amene sadaonepo Johannesburg ankadwala nthenda yochokera kwa mlendo amene adagona pafupi ndi mwamuna wake.

Kutha kwa ulendo

Tanzania ndi Zambia zitalandira ufulu zidatseka maofesi a Wenela. Malawi idatenga njira ina. Boma la Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, ndipo ndalama za antchito zosungidwa kuti akalandirire kwawo zidali gwero lalikulu la ndalama zakunja. Pofika mu 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa adaposa 100,000, ndipo adali gulu lalikulu kuposa la dziko lina lililonse lakunja.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yonyamula antchito obwerera ku Malawi idagwa itangonyamuka ku Francistown. Anthu 78 adafa, ndipo 74 mwa iwo adali Amalawi. Kamuzu adaimitsa kulemba anthu nthawi yomweyo, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi onse adabwerera kwawo. Wiseman Chijere Chirwa, amene adafufuza kwambiri za nthawi imeneyi, adaonetsa kuti kupatula ngoziyo padalinso chifukwa china: minda ikuluikulu ya fodya imene inkakula m'dzikomo inkafuna antchito. Kulemba kudayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, koma chiwerengero sichidayandikirenso cha kale. Mu 1988 South Africa idafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe, boma la Malawi lidakana, ndipo njira ya Theba idatsekeka. Alendo adatchedwa obweretsa matenda, chonsecho akafukufuku ambiri a zaumoyo amatchula dongosolo lomwelo lolekanitsa amuna ndi mabanja awo kwa zaka ngati chimodzi mwa zinthu zimene zidathandiza kachilomboko kufalikira m'chigawo chonse.

Ulamuliro watsankho utatha mu 1994, mahositelo adayamba kusinthidwa. Ndondomeko ya boma yoyendetsera migodi ya mu 2010 idalamula kuti pofika 2014 munthu aliyense akhale ndi chipinda chakechake. Nyumba zina zakale zidasungidwa kuti anthu aziona. Ku Newtown mu Johannesburg, komboni ya antchito a khonsolo ya mzinda imene idamangidwa mu 1913 idasandutsidwa Workers' Museum, ndipo mabedi a konkire adasiyidwa momwe adalili. Ku Lwandle, kufupi ndi Cape Town, nyumba yosungiramo mbiri ya antchito oyendayenda idatsegulidwa mu 2000. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni randi pakati pa makampani a golide ndi antchito odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lipereke chipukuta misozicho kwa amene adagwira ntchito kuyambira mu 1965, kuphatikizapo a m'mayiko oyandikana nawo. Kuti munthu kapena mkazi wamasiye alandire, payenera kupezeka umboni woti adagwiradi ntchito pamgodi. Nambala ija, imene idalanda malo a dzina, yasanduka chinthu chamtengo wapatali kwa mabanja amene adasunga mapepala.

Mawu omaliza

Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dongosolo la komboni lidamangidwa pa maganizo otero: wantchito abwere, agwire ntchito, achoke, asasiye muzu. Koma ulendowu udatenga zaka 85, ndipo m'mabanja ena udadutsa kwa agogo, bambo ndi mwana. Chimene chinkatchedwa malo ongogonapo chidadya zaka zamphamvu za amuna a mibadwo itatu.

Pali ngozi ziwiri pofotokoza mbiriyi. Yoyamba ndi kuona konkire yokha, n'kuiwala kuti amuna amene adagonapo adali ndi nzeru zopangira malamulo ndi ulemu pamalo pamene adamanidwa zonse ziwiri. Yachiwiri ndi kukometsera chibale cha m'chipinda mpaka kuiwala kuti chidali mankhwala a bala limene ena adapanga mwadala kuti apeze phindu. Isibonda amene ankasunga mtendere m'chipinda ankathandizanso kampani kuti anthu adzuke m'mawa n'kulowa pansi, ndipo ogonamo ankazidziwa zimenezo. Adasankha mtendere chifukwa adalibe malo ena ogona.

Amalawi akupitabe ku South Africa, tsopano pa basi ndi paokha monga ankachitira a selufu, ndipo ambiri amayamba moyo wa kumeneko pogawana kachipinda ka lendi ndi anthu a kwawo amene adangokumana nawo panjira. Mawu akuti wakwathu akugwirabe ntchito imene adaphunzira m'makomboni. Amuna amene adagona pa mabedi a konkire akutha mmodzimmodzi m'midzi ya ku Malawi, ndipo mabuku a Wenela adasunga manambala awo, zidindo za zala zawo ndi masiku amene adalowa pansi. Mayina a amene adagona nawo, milandu imene adaweruza pafupi ndi mbaula, ndi makalata amene adalemberana, zonsezi zili m'mitu ya okalambawo, ndipo ntchito yozilemba ikudikira ophunzira a mbiri amene amayankhula ziyankhulo zawo.